Cheni Yotha Imene Inatsegula Maso a Honda mu 1974

Cheni ya njinga yamoto ikayamba kulila na kumenya gadi, mwini njinga amakhala na mafunso awili. Kodi nigule cheni na masproketi a kampani, kapena a pamsika amene ena amati ni olimba kupambana? Nanga niipeleke ku galaji ya dila kumene n'naigula, kapena kwa makanika wa mu komboni? Mafunso awa si a lelo. Zaka zoposa 50 zapitazo kampani ya Honda inakumana nawo, ndipo zimene inapeza zinabala injini imene mbeu yake ikali kuyenda m'miseu yathu.

Tiyambe na cheni yeniyeniyo. Njinga zamoto zoyambilila zambili zinali kuzungulutsa wilo yakumbuyo na lamba wacikumba. Mvula ikagwa lamba anali kutelela, injini n'kumalila koma njinga osayenda. Cheni yokhala na timalola, ngati imene tiidziwa lelo, inapangidwa mu 1880 na Hans Renold, munthu wa ku Switzerland amene anakhazikika ku Manchester. Kampani ya Indian ku America inayamba na cheni pa njinga zake zoyamba mu 1901, Harley-Davidson inabweletsa njinga ya cheni mu 1912, pamene BMW mu 1923 inasankha shafti pa njinga yake ya R32.

Pa njila zitatuzi cheni ndiyo inafalikila, cifukwa ni yochipa, yopepuka, sitaya mphamvu yambili ya injini, ndipo munthu wokhala na sipanala angaisinthe pansi pa mtengo wa mango. Vuto lake ni lakuti imakhala poyela. Fumbi likasakanizika na oilo limakhala ngati mcenga wopelela, ndipo limadya mapini amkati pang'onopang'ono. Tikamati cheni yatambasuka, citsulo sicinakokeke ngati mphila, koma mapini na mabowo ake adyeka. N'cifukwa cake Super Cub ya mu 1958 inabwela na cheni yotsekeledwa m'bokosi.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, njinga za Honda za four-stroke sizinali kugulidwa bwino m'maiko osauka. Zinali kuwonongeka msanga, ndipo anthu anali kukonda za two-stroke za makampani ena. Mu May 1974 akatswili awili a kampaniyo, Takeshi Inagaki na Einosuke Miyachi, anathela mwezi akuyendela Thailand, Malaysia, Indonesia, Philippines, Iran na Pakistan kuti aone na maso awo. Anapeza njinga imodzi yanyamula banja lonse kapena katundu wopitilila muyeso. Oilo inali kuseweza mpaka kukhala phala lakuda. Fyuluta ya mphepo inali kulimba na fumbi ngati cipupa ca dothi. Macheni anali okokedwa mpaka pothela pa ajasita, odyeka na kumenya gadi.

Cimene cinawadabwitsa kwambili cinali ku madila. Nchito ya galaji ya dila inali kumasula na kukonza njinga imene yafa kale. Wogula anali kubwela pokhapo njinga ikaleka kuyenda, ndipo nkhani ya sevisi ya nthawi na nthawi inali yacilendo kwa onse awili, wogula na wogulitsa. Dzina la kampani linali pa cikwangwani panja, koma cisamalo cimene buku la njinga linali kufuna munalibe mkati.

Honda siinayembekezele kuti anthu asinthe. Inasintha njinga. Mu 1975 inatulutsa CG125, kuyambila ku Thailand. Injini yake inali na kamshafti pansi, yozungulila na magiya, n'kumatsegula mavavu na mapushirodi, kuti olo oilo icedwe kusinthidwa mutu wa injini usafe msanga. Fyuluta inali ya siponji yocapa na kubwezelapo. Mu 1976 anayamba kuipanga ku Manaus m'dziko la Brazil, ndipo pambuyo pake mafakitale a ku China anakopela injiniyi kwambili. Njinga zambili zochipa za 125 na 150 zimene zifika mu Africa, kuphatikizapo kuno, zili na injini yocokela ku banja limeneli.

Koma onani cinthu cimodzi. Akatswili aja anapeputsa nchito ya injini, cheni yakumbuyo inatsala m'manja mwa mwini njinga na makanika wake. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 kunabwela cheni ya O-ring, yokhala na timphete twamphila totsekela gilisi mkati mwa pini iliyonse. Imakhalitsa, maka pa mseu wa fumbi, koma ni yodula, ndipo nayonso ifuna kutsuka na kudzoza.

Conco amene afuna kuikako zolimba ayenela kudziwa masamu ake. Njinga zing'onozing'ono zambili ziseweza na cheni ya 428, imene mapini ake atalikilana mamilimita 12.7. Tinene kuti sproketi yakutsogolo ili na mano 14, yakumbuyo 42: yakutsogolo imazungulila katatu kuti wilo izungulile kamodzi. Mukaika ya mano 15 kutsogolo, cizungulilo citsika kufika pa 2.8. Pa tala injini ipuma ndipo mafuta angasungike, koma ponyamuka na matumba a cimanga kapena pokwela phili njinga ikhala yaulesi, kilachi n'kumavutika. Mukawonjezela mano kumbuyo mupeza mphamvu yokoka, liwilo licepa. Palibe yabwino kwa onse, cimadalila nchito imene njinga igwila. Ndipo cheni yatsopano pa sproketi ya mano osongoka, opindika ngati mbedza, imatha m'kanthawi kocepa. Zitatuzi zimasinthidwa pamodzi.

Nanga walanti? Caka comweco ca 1975, America inakhazikitsa lamulo la Magnuson-Moss, loletsa kampani kukana walanti cabe cifukwa munthu waika sipeya ya kampani ina kapena wakonzetsa kwina. Ilo ni lamulo la kumeneko. Kuno welengani pepala la walanti musanasinthe ciliconse pa njinga yatsopano, sungani malisiti, ndipo mukaona kuti mwaponderezedwa, bungwe la CCPC limalandila madandaulo a ogula.

Galaji ya dila ili na ubwino wake: buku la fakitale, zida zoyenela na masipeya odziwika kumene acokela. Makanika wa mu komboni ali pafupi, ni wochipa, ndipo adziwa miseu imene muyendamo. Aliyense wa awiliwa angagwile nchito yabwino kapena kukubelani. Zimene Inagaki na Miyachi anacita ndizo zimathandiza: anagwada n'kuyang'ana cheni. Inunso pemphani kuti akubwezeleni masipeya akale. Onani nambala yodindidwa pa cheni yatsopano na kuwelenga mano a sproketi. Kokani cheni kumbuyo kwa sproketi yaikulu. Ngati theka la dzino lioneka, yatha. Yesani kusewela kwake pakati, kumene pa njinga zambili kumakhala masentimita 2 kapena 3, malinga na buku lanu. Makanika amene akulolani kuona zonsezi popanda kukwiya, kaya ali na yunifomu ya kampani kapena ovolosi yong'ambika, ameneyo mubwelelenso kwa iye.