Kuchokera pa Chipala Kufikira pa Kompyuta

Munthu akapatuka pa Linthipe, nasiya msewu waukulu, nakwera kufikira pa Lobi, m'dziko lozizira la mbatatesi, kabichi ndi tomato, kufupi ndi malire a Mozambique, adzapeza m'makonde a masitolo anthu a ntchito ina imene alembi a mbiri saiwerengera kawirikawiri, ngakhale kuti ndi yakale koposa masitolowo. Ndiyo ntchito yotsitsimutsa chinthu chokalamba pochichotsa chiwalo chotopa ndi kuikapo china, kuti mwini wake, amene thumba lake silifikira chatsopano, apitirire nacho. Lero amisiriwa amatsegula mafoni ndi makompyuta a magemu, koma luso lawo lili ndi makolo ake, ndipo m'mibadwo yonse lakhala likusamuka pang'onopang'ono kuchoka m'manja kunka kumutu.

Kholo loyamba ndi wosula. Amaravi anamveka kutali chifukwa cha zitsulo zawo, ndipo a Yusuf Juwayeyi, pofukula bwinja la Mankhamba, likulu la Kalonga m'boma lomweli la Dedza, anapezamo zida zachitsulo pamodzi ndi mikanda ndi mbale zochokera kutsidya la nyanja. Wosula anali mwini ntchito yake yonse: miyala ya chitsulo anakumba yekha, makala anawotcha yekha, mvukuto anasoka wa chikopa cha mbuzi. Khasu likatha mano silinali kutayidwa, koma linabwerera pa chipala, nilituluka lili mpeni kapena muvi. Pamene makasu a m'sitolo anadza, ng'anjo zinazima, osula natembenukira ku zitsulo zotayidwa, ndipo kufikira lero nkhwangwa zambiri za kumudzi zimabadwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa.

Kenaka kunafika nyengo ya maulendo a ku Halale ndi ku Joni, pamene amuna anabwerako atanyamula njinga za Humber ndi Raleigh, makina osokera a Singer ndi magalamafoni. Njira ya ku migodi ya ku Joni inatsekeka kwa kanthawi m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74, pamene Kamuzu analetsa kampani ya Wenela kulemba anthu a ku migodi. Koma njingazo zinatsala, ndipo zinayenera kukhala ndi moyo zaka zambiri popanda zolowa m'malo mwake. Apa ndi pamene wokonza njinga anakhazikika patsinde pa mtengo, nadziwa chinsinsi chimene adzukulu ake a kompyuta akudyerabe: kuti felemu ikakhala yolimba, zina zonse, tcheni, masipoko, limu, chishalo, zikhoza kusinthidwa chimodzichimodzi monga mwa kukolola kwa mwini wake. Iyeyu anali akadali ndi theka la ufulu wa wosula, pakuti chigamba anadula pa chubu chakale, ndi mabuleki anasema pa tayala lotha.

Ufuluwo unathera pa wailesi. M'chaka cha 1949 kunatuluka kawailesi kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, kamene kanapangidwira omvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, youlutsa m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. MBC inabadwa mu 1964, ndipo wailesi za Nzeru, zolumikizidwa ku Blantyre, zinalowa m'midzi yambiri. Pamene boma, mothandizidwa ndi dziko la Germany, linasankha Lobi kukhala amodzi mwa malo otukulirapo midzi, msika unakula, ndi okonza zinthu anapeza pokhala. Koma tizipangizo ta m'kati mwa wailesi palibe mmisiri akanatha kutisula. Chotero anaphunzira kugula wailesi zakufa ndi kuziunjika pansi pa tebulo, kuti yakufa ipereke chiwalo kwa yodwala; ndipo nzeru yake inakhala ya kuzindikira chimene chapsa, ndi kudziwa kumene chinzake chingapezeke.

Za mavidiyo a m'tinyumba ta mdima, za Television Malawi ya mu 1999, ndi za mafoni a m'manja, tingodutsapo. Kompyuta inafika pa misika ya kumudzi osati kudzera mu ofesi ayi, koma kudzera mwa anyamata obena nyimbo, ndipo pambuyo pake mwa osewetsa magemu, amene amalipiritsa ana pa mpikisano uliwonse wa mpira wa FIFA. Makina ambiri otere ndi a kaunjika: ma Dell OptiPlex ndi ma HP amene anatumikira m'maofesi a kunja kufikira eni ake anawapumitsa. Sanapangidwire masewero konse, ndipo kuwasandutsa a magemu ndi ndalama za mbatatesi ndiyo ntchito imene imayesa mmisiri.

Wodziwa ntchito sayamba ndi chokwera mtengo. Amayamba watsegula bokosi, nafumula fumbi la m'chilimwe lotseka fani, napaka phala latsopano pakati pa purosesa ndi choziziritsira chake, pakuti makina otentha amadzichepetsa okha liwiro kuti angapse, ndipo ambiri oyesedwa okalamba amakhala ongobanika. Akatero amaonjezera RAM, kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 kapena 16, akusamala kuti bolodi yakale imalandira DDR3 yokha, ndipo DDR4, ngakhale uikankhe chotani, siilowa, popeza kampata kake kali pena. Chachitatu amachotsa hadi disiki yozungulira naika SSD, imene mwa zonse ndiyo imabweza unyamata wa makina pa mtengo wofatsa, ngakhale kuti siionjezera kukongola kwa masewero. Pomaliza pake ndiye amafika pa khadi la zithunzi, limene anyamata amafuna kuyambira, ndipo pamene ambiri amatayira ndalama zawo. Pakuti tibokosi tating'ono ta m'maofesi tili ndi gwero la mphamvu lochepa ndi malo opanikiza, kotero kuti khadi lalikulu silikwanamo, ndipo likakwana limazimitsa makina masewero ali pakati. N'chifukwa chake makadi onga GTX 750 Ti ya mu 2014 ndi GTX 1050 Ti ya mu 2016, osapyola mawati 75 ndiponso osalira chingwe chapadera cha magetsi, akhala okondedwa a amphawi pa dziko lonse. Komatu khadi logwirapo kale ntchito silinena za moyo wake wakale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mmisiri wanzeru salipira asanaliyese pa masewero kufikira litatentha.

Pa purosesa pali mpanda umene wokonza njinga sanaudziwe. Kampani ya Intel inazolowera kusintha chikhazikiro cha purosesa pakapita mibadwo iwiri, kotero kuti bolodi ya LGA 1155, yonyamula Core i5-3470 ya mu 2012, ikhoza kukwera kufika pa i7-3770, koma kupitirira apo iyayi. Wofuna zoposa ayenera kugula bolodi, purosesa ndi RAM pa tsiku limodzi, kumene kuli ngati kugula makina atsopano. Ine ndiyesa kuti apa mphawi amalakwiridwa, pakuti malire amenewa sanaikidwe ndi kutha kwa chitsulo, koma ndi uphungu wa anthu okhala kutali, amene sanamfunse. Kampani ya AMD inachitako chifundo posunga chikhazikiro chake cha AM4 zaka zambiri, koma makina otere sachuluka pa kaunjika wa m'maofesi.

Pamwamba pa izi pali magetsi ndi ndalama. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakula. Magetsi obwerera mwaukali ndiwo mdani wa gwero la mphamvu, limene likamafa nthawi zina limatenga bolodi kunka nayo kumanda. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza masipeyala onse amagulidwa kunja ndi madola, mtengo wake ku Lilongwe unakwera pamene thumba la mbatatesi linali kutsatira m'mbuyo mwakachetechete.

Tsono pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, pamene Windows 11 imakana mapurosesa a Intel otsika pa mbadwo wachisanu ndi chitatu; ndiko kunena kuti makina ambiri a kaunjika anaweruzidwa kuti ndi akufa akali kupuma. Chiweruzocho sichizimitsa kompyuta, koma chimaisiya yopanda mlonda pa intaneti, ndipo magemu atsopano nawo amanka nafuna zoposa zimene bolodi yakale ingapereke. Wosewetsa magemu kumudzi, amene kawirikawiri salumikiza makina ake pa intaneti chifukwa cha mtengo wa mabandulo, amangopitirira ndi FIFA ya zaka zapitazo, ndipo ana amalipira ndalama zawo mokondwa kuti agoletse zigoli ndi osewera amene ena mwa iwo anapuma kale mpira.