Mwana wamasiye ngwa yani? Kuchokera ku mbumba kufika kukhoti

Ndege zambiri zotera pa bwalo la Mfuwe zimatula alendo odzaona njovu ndi anyalugwe ku South Luangwa. Msewu wochoka pabwalopo umadutsa m'midzi ya Akunda, m'boma la Mambwe, ndipo ana amaima m'mbali kubayibitsa magalimoto. Mlendo wachifundo akamva kuti mwana wina mayi ndi bambo ake anamwalira, amafunsa modandaula kuti nanga akukhala ndi yani. Munthu wa m'chigwa cha Luangwa funsoli limamudabwitsa. Akukhala ndi abale ake, angakhalenso ndi yani?

Akunda, monga Achewa ndi Ansenga oyandikana nawo, amatsata mtundu wa kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo malume ndiwo mwini mbumba. Mchemwali wa mayi ndi mayi ndithu, aang'ono kapena aakulu. Choncho kale maliro akachitika, nkhani ya ana inkatha anthu asanabalalike. Akuluakulu ankakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba ya siwa n'kugawana: woyamwa apite kwa mayi ake aang'ono amene ali ndi khanda, wamkuluyu atsale ndi agogo aziwatungira madzi, mnyamata apite kwa malume. Panalibe kalata ngakhale chidindo. Chachikulu n'chakuti mwanayo sankasintha mtundu. Ankadziwa manda a mayi ake, ankadziwa munda umene adzalime, ndipo pa ukwati wake ankhoswe ankachokera kwawo komweko.

Tisakometse zakale mopitirira. Mwana woleredwa nthawi zina ndiye ankadzuka m'mamawa kusesa pabwalo anzake ali m'tulo, ndiyenso womalizira kusamba m'manja nsima ikabwera. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe sukanakhalapo anthu onse akanamachita zimenezo mwa okha.

Amishoni anabwera ndi njira ina. A Dutch Reformed anakhazikika ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, a Anglican anafika ku Msoro m'chigwa momwemu patapita zaka zoposa khumi, ndipo m'mamishoni ambiri ana osowa pogwira ankasungidwa pamalo amodzi. Nyumba ya ana ya Kasisi, pafupi ndi Lusaka, inayamba mu 1926 ndipo masisitere akuleramo ana mpaka lero. Makanda amene mayi awo anamwalira pobereka ndiwo ankafunikadi malo otere, chifukwa kumudzi mkaka wa m'chitini kunalibe. Koma ngakhale apo, abale ambiri ankaona ngati angosungitsa. Mwana akayamba kudya nsima ankayembekezeka kubwerera.

Chaka chomwecho cha 1926, ku England kunakhazikitsidwa lamulo loyamba lolola khoti kusamutsa mwana kuchoka ku banja lina kupita ku lina mpaka muyaya. Atsamunda analikopera: Nyasaland mu 1949, Northern Rhodesia mu 1956. Mwa lamulo limeneli, woweruza akasaina, makolo obereka amasanduka alendo. Mwana amatenga dzina latsopano, ndipo wakale alibenso chonena. Anthu a m'midzi sanalilabadire. Zaka zimenezo abambo anali ku migodi ya ku Kitwe, ku Salisbury kapena ku Joni, ndipo ana ankayenda pakati pa mudzi ndi tauni kutsata wachibale wokhala pafupi ndi sukulu. Lamulolo linangogona m'mabuku, likutumikira mabanja ochepa a m'tauni.

Chimene chinathyola msana wa mbumba ndi Edzi. Matendawa anapezeka ku Zambia mu 1984 ndipo ku Malawi mu 1985. Mu 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake Masuzyo anamwalira nawo. Njala ndi miliri yakale zinkatenga okalamba ndi makanda, koma mliri uwu unkatenga olera enieniwo, malume ndi mayi aang'ono omwe. Pa mphasa ija panatsala agogo okhaokha, ena akulandira zidzukulu za ana awo atatu kapena anayi m'nyumba imodzi ya udzu. Kulanda katundu wa masiye kunafika poipa, mpaka Zambia inakhazikitsa lamulo la kagawidwe ka chuma cha womwalira wosasiya wilo mu 1989. Nyumba zosungira ana zinachuluka, zambiri zikuyendera ndalama za mipingo ya kunja. Imodzi mwa izo ndi Home of Hope ku Mchinji, imene anayambitsa Abusa Thomson Chipeta. Kuchoka ku Mfuwe n'kungokwera mtunda kufika ku Chipata, kudutsa malire a Mwami, wafika.

Kumeneko n'kumene woimba Madonna anapeza David Banda mu Okutobala 2006, ali ndi chaka chimodzi. Mayi ake anamwalira atangobereka, koma bambo ake anali moyo, mlimi wa kumudzi. Iwo anamusiya ku Home of Hope chifukwa chosowa chomuyamwitsa. Jaji Andrew Nyirenda anapereka chilolezo chongoyembekezera choti Madonna amutenge mwanayo, mabungwe a ufulu wa anthu a mu Human Rights Consultative Committee anathamangira kukhoti kudandaula kuti lamulo lapindidwa chifukwa cha kutchuka, ndipo chigamulo chomaliza chinabwera mu Meyi 2008. Pa phokoso lonselo, chimene ine ndimachiona cholemera ndi zimene bambo aja anauza atolankhani masiku oyambirira, kuti iwo ankaganiza kuti mwana akukaphunzira ndipo adzabwerera akakula. Pambuyo pake anavomereza zonse, koma maganizo awo oyambawo sanali umbuli. Anamva nkhaniyo monga mmene makolo awo onse akanaimvera, pamene pepala limene linali patsogolo pawo linkanena za ku England za 1926.

Mu Epulo 2009, pa mlandu wa Mercy James, mwana wina amene Madonna ankafuna kutenga, Jaji Esme Chombo anakana. Anati lamulo limafuna kuti wotenga mwana akhale wokhala m'Malawi, ndipo munthu wongotsika ndege masiku apitawa sangatchedwe choncho. Anachenjezanso kuti khomo likatsegulidwa mwachisawawa, ozembetsa ana adzalowera pomwepo. Khoti la apilo, motsogozedwa ndi Jaji Wamkulu Lovemore Munlo, linatembenuza chigamulocho mu Juni, likunena kuti ubwino wa mwana ndiwo uyenera kutsogola ndipo ntchito za Madonna m'dziko zinkamupanga kukhala woposa mlendo wamba. Mu 2017 Jaji Fiona Mwale analola kuti atengenso mapasa, Stella ndi Estere, ochokera ku Home of Hope komwe kuja. Nawonso bambo awo anali moyo.

Nthawi imeneyo dziko lapansi linali litayamba kubwerera m'mbuyo. Mu 2004 Amereka yokha inalandira ana pafupifupi 23,000 ochokera kunja, koma masiku ano safika 2,000 pa chaka. Zinaululika m'maiko angapo kuti ana ena olembedwa amasiye anali ndi makolo amene ananamizidwa. Ethiopia inatseka khomo mu 2018, China mu 2024. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa mwana, la mu 1990, linali litanena kale kuti kutumiza mwana kunja kukhale njira yomaliza. Zambia inalowa m'pangano la ku Hague lokhudza kutengera ana kunja mu 2015, limene limafuna kuti boma litsimikize kaye kuti m'dziko mulibe banja loti n'kumulera, komanso kuti pasakhale wodyerapo. Mu 2022 inafafaniza lamulo la 1956 lija n'kuika malamulo a ana m'buku limodzi.

Miyezi yochepa chabe chichitikireni zimenezo, mu Disembala 2022, apolisi anagwira anthu asanu ndi atatu a ku Croatia pa bwalo la ndege la Ndola ali ndi ana anayi a ku Congo. Anaimbidwa mlandu wofuna kuzembetsa ana, ndipo khoti linawapeza osalakwa mu Juni 2023. Ofesala wa zolowa ndi kutuluka, kaya ku Ndola kaya pa kauntala ya ku Mfuwe, tsopano ndi mmodzi mwa alonda a mwana, ntchito imene kale inali ya malume okha.

Ku Mambwe, chifundo cha alendo chatenga njira ina. Amalipirira mwana yunifolomu ndi makope kudzera m'mabungwe monga Project Luangwa, mwanayo akugona kwa agogo ake. A ofesi yosamalira anthu nawo akapeza mwana wosowa pokhala amayamba kufufuza wachibale, akalephera amafuna banja lolera kwa kanthawi, ndipo nyumba yosungira ana imabwera pambuyo. Vuto n'lakuti wachibaleyo nthawi zambiri ndi gogo amene munda wake wa chimanga njovu zadya usiku umodzi.

N'chifukwa chake chaka cha 2006 ku Mchinji ndimachikumbukira pa zinthu ziwiri. Makamera onse analoza ku Home of Hope. Koma m'boma lomwelo, chaka chomwecho, boma la Malawi linayamba kuyesa Mtukula Pakhomo, kupereka ndalama pang'ono kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wa mphamvu zogwira ntchito, ambiri mwa iwo agogo olera ana amasiye. Zambia inali itayamba zofanana ku Kalomo mu 2003. Ndege ya Madonna inanyamula mwana mmodzi chaka chimenecho. Ndalama za Mtukula Pakhomo lero zimafika m'maboma onse 28 a Malawi, ngakhale kuti nthawi zina zimachedwa miyezi ingapo.