Sowo yochekera zokongoletsa

Sowo yochekera zokongoletsa ndi chida cha mmisiri wa matabwa chokhala ndi mpeni woonda kwambiri wa mano ang'onoang'ono, umene umakwera ndi kutsika pocheka mizere yokhotakhota pa thabwa. Pa Chipwitikizi imatchedwa serra tico-tico de bancada. Inayambira ku Ulaya ngati sowo yamanja. M'zaka za m'ma 1800 kunafala makina opalasa ndi phazi, ndipo amakono amayendera magetsi.

Mpeni wake, wotalika pafupifupi masentimita 13, umamangidwa kumwamba ndi kunsi n'kukungidwa. Mmisiri amamata pepala la chithunzi pa thabwa, n'kumalitembenuza pa tebulo motsatira mzere. Akafuna kucheka mkati, amaboola kabowo, kumasula mpeni, kuupisa pa bowolo n'kuumanganso. Motero m'mphepete mwa thabwa simudulidwa. Thabwa siliyenera kukhuthala kupitirira masentimita 5. Zopangidwa ndi monga zilembo za zikwangwani, mafelemu a zithunzi, mitanda, zidole ndi maluwa a pa mipando.

Ku Itepela, m'boma la Ngauma ku Mozambique, pa njanji ya Cuamba ndi Lichinga, komanso ku Mandimba, m'nkhalango muli mitengo yoyenera ntchitoyi. Mlombwa, umene ku Mozambique amati umbila, suvuta kucheka, supindika ukauma ndipo chiswe sichiudya wamba. Mbawa ndi yofewerapo. Phingo, wotchedwa pau-preto, ndi wolimba zedi moti umabunthitsa mpeni msanga; amaukonda ndi osema ziboliboli. Kumene kulibe magetsi, ntchitoyi imagwiridwa ndi sowo yamanja ndi tchizulo.