Farao wolanda maganizo: mbiri ya mdani amene adabadwira ku London

Anthu amene amasewera masewera a ngwazi za mphamvu zodabwitsa pa tebulo amamudziwa bwino mdani ameneyu. Amadzuka m'manda momwe wagona zaka zikwizikwi, maso ali psuu, ndipo akangokuyang'ana, manja ndi miyendo yako imayamba kumvera iye. Ena amamutcha farao, ena wansembe wa milungu ya ku Egypt wakale. Koma tikalondola mapazi ake, sitifika ku Thebes kapena ku Memphis. Timafika ku London, kenako ku Hollywood, kenako kwa olemba makomiki a ku New York.

Dziko la Britain lidalanda ulamuliro wa Egypt m'chaka cha 1882. Panthawiyo mitembo youmitsidwa ya anthu akale a ku Egypt inali itadzaza kale m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya. Azungu ankaikonda, koma ankaiopanso. M'zaka zomwezo kudafala mantha ena: akuti munthu wodziwa luso logoneka anzake m'maso, lomwe lidatchuka ndi dokotala Franz Anton Mesmer, akhoza kumuchititsa mnzake chilichonse.

Mantha awiriwa adakumana m'buku la Richard Marsh lotchedwa The Beetle, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1897, chaka chimodzi ndi Dracula. M'nkhaniyi, kalaliki wina wosowa ntchito, Robert Holt, akukanizidwa malo ogona usiku wa mvula. Akuona zenera lotsegula pa nyumba yooneka ngati yopanda anthu, n'kulowa. M'katimo akupeza chinthu chochokera ku Egypt, chotumikira mulungu wamkazi Isis, chomwe chikumulanda maganizo n'kumutuma kukaba makalata kwa phungu wina wa nyumba ya malamulo. Holt akuona zonse zimene thupi lake likuchita, koma sangathe kuliletsa. Owerenga a ku Britain adanjenjemera poganiza kuti dziko lomwe adaligonjetsa lingawatsatire kwawo n'kuwasandutsa akapolo.

Mu November 1922, Howard Carter adapeza manda a Tutankhamun. Patangotha miyezi yochepa, mu April 1923, Lord Carnarvon, amene ankalipirira ntchito yofukulayo, adamwalira ku Cairo bala lolumidwa ndi udzudzu litanyeka. Manyuzipepala adafalitsa nkhani yoti farao wabwezera, ngakhale kuti Carter mwiniwake adakhala ndi moyo mpaka 1939.

Kampani ya Universal idapezerapo mwayi ndi kanema wa The Mummy wa 1932. Boris Karloff adasewera ngati Imhotep, wansembe wouka kwa akufa amene amaitana mtsikana Helen Grosvenor ndi maganizo okha, mtsikanayo n'kumayenda ngati ali kutulo. Chomvetsa chisoni n'choti Imhotep weniweni sanali woopsa. Anali nduna ya farao Djoser, amakumbukiridwa ngati mmisiri wa piramidi ya masitepe ya ku Saqqara, ndipo mibadwo yam'tsogolo idamulambira ngati mulungu wa machiritso.

Makomiki adalandira mdaniyu ndi manja awiri. Black Adam adaonekera mu 1945 ngati munthu wa ku Egypt wakale amene adapatsidwa mphamvu n'kuzigwiritsa ntchito molakwika. Mu 1963, Stan Lee ndi Jack Kirby adabweretsa Rama-Tut mu Fantastic Four nambala 19. Ngwazi zinayi za m'komikiyi zidabwerera ku nthawi ya afarao, Rama-Tut n'kuziwombera ndi mfuti ya cheza yofoola maganizo. Chimphona Ben Grimm chidakapalasa ngalawa ngati kapolo, Johnny Storm adasanduka wosangalatsa mfumu, ndipo Sue Storm adasankhidwa kukhala mkazi wa faraoyo. Rama-Tut naye sanali wa ku Egypt: anali mlendo wochokera m'chaka cha 3000. Pambuyo pake kudabwera Amahl Farouk, wolamulira mbava za ku Cairo ndi mphamvu za maganizo, amene Chris Claremont ndi John Byrne adamulimbanitsa ndi Charles Xavier wa X-Men, ndipo mu 1986 kudabwera mdani wina wotchedwa Apocalypse.

Masewera a pa tebulo a mtundu uwu adayamba ndi Dungeons & Dragons mu 1974. Amafanana ndi nthano zamadzulo, kusiyana kwake n'koti omvera savomera chabe: aliyense ali ndi ngwazi yake m'nthanomo, ndipo amasankha yekha chomwe ichite. Wotsogolera masewera amafotokoza malo ndi adani, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zomwe wosewera wayesa zatheka. Masewera a ngwazi za makomiki adatsatira msanga: Superhero: 2044 mu 1977, Villains and Vigilantes mu 1979, Champions mu 1981, Marvel Super Heroes mu 1984, DC Heroes mu 1985, ndi Mutants & Masterminds mu 2002.

Apa ndi pomwe mdani wathu adakumana ndi vuto lomwe sadalionepo m'buku kapena m'kanema. Wowerenga sataya kanthu Robert Holt akalandidwa maganizo. Koma pa tebulo, ngwaziyo ili ndi mwiniwake, munthu amene waiganizira dzina, mbiri ndi khalidwe. Wotsogolera akanena kuti, "Farao wakuyang'ana, tsopano menya mnzakoyo," wosewera uja amangokhala manja lende, kuonerera wina akuyendetsa chinthu chake. Chokoma cha masewerawa ndi kusankha, ndipo mphamvu ya mdaniyu imachotsa chomwecho.

Olemba malamulo a masewera adalimbana nalo vutoli. Mu Champions, wolanda maganizo amaponya madayisi, ndipo chiwerengero chake chimayerekezedwa ndi kulimba mtima kwa ngwazi. Kuiuza kuti ichite chomwe ikadachita kale n'kosavuta, koma kuiuza kuti ivulaze wokondedwa wake kumafuna chiwerengero chokwera kwambiri, ndipo ngwaziyo imapatsidwa mwayi woyesa kudzimasula. Mu Mutants & Masterminds, wosewera amene ngwazi yake yaikidwa m'mavuto kuti nkhani ikome amalandira mapointi omwe adzamuthandize patsogolo. Masiku ano magulu ambiri amayamba akhala pansi n'kugwirizana zomwe sakufuna kuti zichitike m'nkhani. Otsogolera aluso amamusiyira wosewera ngwazi yake, n'kumupempha kuti aisewere yekha ili m'manja mwa farao, ikulimbana ndi mawu olankhula m'mutu mwake. Ena amalunjikitsa mphamvuyo kwa meya, apolisi kapena khamu la anthu mumsewu, kuti ngwazi zivutike ndi funso loti zingaletse bwanji anthu osalakwa popanda kuwavulaza.

Palinso ngongole imene mdaniyu ali nayo, ndipo ife a mu Africa tili ndi chifukwa choikumbutsira. Kwa zaka zoposa 100, nkhanizi zaonetsa Egypt wakale ngati dziko la mfumu imodzi yamatsenga ndi chikhamu cha akapolo osaganiza. Zofukulidwa m'nthaka zimanena zina. Ku Giza kudapezeka mudzi wa omanga mapiramidi, wokhala ndi malo ophikira buledi komanso manda awo omwe adaikidwamo mwaulemu. Ku Deir el-Medina, m'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III, amisiri okumba manda a mafumu adanyanyala ntchito chifukwa tirigu wa malipiro awo adachedwa, ndipo iyi ndi imodzi mwa sitalaka zakale kwambiri zolembedwa m'mbiri ya anthu. Matsenga a anthu a ku Egypt wakale, omwe ankawatcha heka, ankagwiritsidwa ntchito kwambiri pochiza ndi kuteteza.

Wotsogolera amene akufuna farao wolanda maganizo m'masewera ake asamutaye, pakuti ndi mdani wamphamvu amene amayesa chomwe ngwazi ili nacho mumtima. Koma amupatse chifukwa chomveka chochitira zoipa zake, ndipo alole kuti ena mwa omutsutsa akhale anthu a ku Egypt komweko: mlembi, sing'anga, kapena mdzukulu wa amisiri aja amene adakana kugwira ntchito ndi njala. Koposa zonse, asachotse madayisi m'manja mwa wosewera popanda kumufunsa.