Fatima bint Asad, mayi amene analera Mtumiki

Mtumiki Muhammad (SAW) bambo ake anamwalira iye asanabadwe, mayi ake Amina anamusiya ali ndi zaka 6, ndipo agogo ake Abdul Muttalib anatsikira kuli chete iye ali ndi zaka 8. Olemba mbiri akafika pamenepa amangoti mwanayo anatengedwa ndi Abu Talib, mkulu wa bambo ake, basi n'kupitirira ndi nkhani. Komatu mwana saleredwa ndi dzina la mwini khomo. Pamafunika womusambitsa, womupakulira chakudya, wodzuka pakati pa usiku thupi likatentha. Pakhomo la Abu Talib munthu ameneyo anali mkazi wake, Fatima bint Asad (RA).

M'Chichewa mkazi wa bambo wamkulu timangomutcha mayi, ndipo kwa Mtumiki mayiyu anali mayi ndithu. Anamulera kuchokera cha m'ma 578 mpaka pamene anakwatira Khadija (RA) ali ndi zaka 25. Zimenezi ndi zaka pafupifupi 17, pakhomo lolemekezeka pakati pa Makuraishi koma losauka, lodzaza ndi ana: Talib, Aqil, Ja'far, Umm Hani, Jumana, kenako Ali. Umphawiwo sunali wongonena. Ibn Ishaq akusimba kuti chilala chitavuta ku Makka, Abbas anatenga Ja'far ndipo Muhammad, amene tsopano anali ndi banja lake, anatenga Ali, kuti Abu Talib apepukidwe. Mayi amene analera mwana wa eni anapereka mwana wake m'manja mwa yemwe anamulerayo.

Uthenga wa Chisilamu utafika, khomo lake linagawanika. Ja'far anasamukira ku Abyssinia cha m'ma 615 pothawa mazunzo. Banja la Hashim linasalidwa kwa zaka pafupifupi zitatu m'chigwa cha Abu Talib, popanda wogula nawo malonda kapena wokwatirana nawo, ndipo chisalocho chitangotha, mu 619, mwamuna wake anamwalira. Fatima analowa Chisilamu, nasamukira ku Madina ali wokalamba. Ndiyeno kunadza Badr mu 624. Ali anali m'gulu la Asilamu, pamene Aqil anatuluka ndi Makuraishi ndipo anagwidwa ukaidi. Timakonda kuwerenga nkhondo imeneyi ndi chimwemwe cha opambana, ndipo n'zoyenera, koma ku Madina kunali nakubala wodikira uthenga wa ana ake awiri, wina tsidya lino, wina tsidya linalo.

Za moyo wake wa ku Madina zimene zinasungidwa ndi za pakhomo zokhazokha. Ali atakwatira Fatima (RA), mwana wa Mtumiki, anapempha mayi ake kuti azithandiza mpongozi wawoyo kutunga madzi ndi kuyenda maulendo a kunja, pamene iye azigwira ntchito za m'nyumba monga kupera tirigu ndi kukanda ufa. Mayi wa zaka zambiri, mdzukulu wa Hashim weniweni, ankasenza madzi kuti banja la mwana wake liime. Ibn Sa'd analemba kuti Mtumiki ankamuyendera ndi kupumula tulo ta masana m'nyumba mwake. Munthu sagona masana pakhomo pamene ali mlendo. M'zaka zomwezo Fatima anaona mdzukulu wake Hasan, wobadwa m'chaka chachitatu cha Hijra.

Anamwalira cha m'chaka chachinayi cha Hijra, mu 625 kapena 626. Zimene zinachitika pamaliro ake ndi zimene zinachititsa kuti dzina lake lisaiwalike. Mtumiki anavula mkanjo wake kuti ukhale sanda ya mayiyu, natsikira m'manda ndi kugonamo kanthawi thupi lisanaikidwe. Maswahaba anadabwa, chifukwa anali asanamuonepo akuchitira wina aliyense zotere. Iye anawafotokozera kuti kupatula Abu Talib, panalibe munthu amene anamuchitira zabwino kuposa mayi ameneyu. Anaikidwa m'manda a Baqi, ku Madina.

Ja'far anabwerako ku Abyssinia mu 628, pa nthawi ya Khaybar, atatha zaka zoposa khumi kunja. Anafika ndi mkazi wake Asma bint Umays pamodzi ndi ana amene anabadwira kumeneko, mwa iwo Abdullah. Adzukulu amenewa agogo awo sanawanyamulepo.