Chitetezo cha Antchito m'Mafamu a ku Mashonaland: Lamulo Lomwe Lidafika Mochedwa

Fodya yemwe adalemeretsa dziko la Southern Rhodesia adadutsa m'manja mwa anthu ambiri olankhula Chinyanja. Amuna ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson ankapita kummwera, ena wapansi, ena pamalole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, mpaka kukafika m'mafamu a ku Mazowe, Bindura, Banket, Karoi ndi Marondera. Ambiri sadabwerere, ndipo kumudzi adawatcha matchona.

Lamulo lomwe adalipeza kumeneko, la Masters and Servants la 1901, lidalemera mbali imodzi. Wothawa ntchito kapena wosamvera bwana ankazengedwa mlandu kukhoti, pomwe nyumba, madzi ndi phoso m'komboni zinkadalira kwambiri mtima wa mwini famu. Ngakhale lamulo la Industrial Conciliation la 1959, lomwe lidapatsa antchito akuda mwayi wokambirana ndi mabwana kudzera m'mabungwe, lidasiya kunja a m'mafamu.

Chonsecho ngozi zidali zosasowa. Osonkhezera moto m'mabalani owotchera fodya ankachezera usiku mu utsi ndi kutentha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kudabwera mankhwala ophera tizilombo monga DDT, kenako a mtundu wa organophosphate, omwe amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndi popuma. Amene amulowa amamva mutu, amasanza, amatuluka dovu ndi thukuta, ndipo akachuluka amabanika mpaka kufa. Ambiri ankapopera mankhwalawa opanda magolovesi, magambuti kapena chophimba kukamwa, ana akusewera chapafupi.

Zinthu zidayamba kusintha Zimbabwe italandira ufulu mu 1980. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, m'boma la Bindura mudayamba ntchito yophunzitsa alangizi a zaumoyo osankhidwa m'makomboni momwemo, mothandizidwa ndi bungwe la Save the Children. Ofufuza monga Rene Loewenson adaonetsa poyera kunyentchera kwa ana a m'mafamu komanso kuopsa kwa mankhwala opopera. Lamulo la Labour Relations la 1985 lidawerengera antchito a m'mafamu pamodzi ndi ena onse, ndipo bungwe lawo la GAPWUZ lidapeza mawu. Kenako lamulo la Statutory Instrument 68 la 1990, loyendetsedwa ndi bungwe la NSSA, lidasenzetsa wolemba ntchito udindo wopewa ngozi, wopereka zovala zodzitetezera, wodziwitsa boma wantchito akavulala, ndi wosonkha yekha ndalama za thumba la chipukutamisozi.

Komabe lamulo la papepala silidalowe msanga pachipata cha famu. Blair Rutherford, yemwe adafufuza m'mafamu a ku Hurungwe, adalongosola momwe bwana ndi kapitawo ankalamulirabe ntchito, nyumba ndi milandu ya m'komboni ngati za pakhomo pawo. Wodandaula akadatha kutaya ntchito ndi pogona tsiku limodzi, ndipo mdzukulu wa tchona adalibe mudzi wothawirako.

Kulanda mafamu kuyambira mu 2000 kudasintha eni minda, ndipo antchito ochuluka adatsala opanda ntchito. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira kuti yemwe adabadwira mu Zimbabwe malamulowa asadakhazikitsidwe, kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhalabe m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika, ndipo gawo 65 lidatsimikiza ufulu wogwira ntchito motetezeka. Udindo womwe udatenga zaka pafupifupi 90 kuti ufike pamapewa a bwana lero uli pa aliyense wolemba munthu ntchito m'munda wa fodya, kaya mundawo ndi waukulu kapena waung'ono.