Magemu odziimira paokha

Gemu yodziimira payokha, imene anthu ambiri amangoitchula kuti indie, ndi gemu ya pakompyuta, pafoni kapena pamakina a magemu yomwe imapangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu kochepa, popanda kulamulidwa ndi kampani yaikulu yofalitsa magemu. Dzina lakuti indie ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kudziimira, ndipo linayamba kugwiritsidwa ntchito pa nyimbo ndi mafilimu lisanafike ku magemu. Palibe bungwe limene linakhazikitsa tanthauzo limodzi loti onse azitsatira. N'chifukwa chake gemu yomweyomweyo ena amaitcha yodziimira pomwe ena amakana.

Gwero la ndalama

Muyeso umene anthu amayambira ndi wa ndalama: kodi ndani analipira ntchito yonse? Magemu akuluakulu, amene amatchedwa AAA, amapangidwa ndi anthu mazanamazana, ndipo kampani yofalitsa, monga Electronic Arts kapena Ubisoft, ndiyo imapereka ndalama ndi kutsatsa malonda. Wopereka ndalama ndiye amakhalanso ndi mawu omaliza pa zimene zilowe mu gemuyo ndi tsiku loitulutsa.

Pali magemu ena amene palibe amene amawakayikira. Daisuke Amaya wa ku Japan anapanga yekha Cave Story pa nthawi yake yopuma kwa zaka zisanu, ndipo anaitulutsa kwaulere mu 2004. Eric Barone wa ku America anathera zaka zoposa zinayi pa Stardew Valley, yomwe inatuluka mu 2016. Zithunzi, nyimbo, nkhani ndi mapulogalamu ake zonse anachita yekha. Toby Fox anapeza ndalama zopangira Undertale, ya mu 2015, kudzera pa Kickstarter, pomwe anthu wamba anasonkha madola oposa 50,000.

Komabe ngakhale Stardew Valley inali ndi kampani yoifalitsa poyamba, ya Chucklefish ya ku London. Masiku ano pali makampani angapo, monga Devolver Digital ndi Annapurna Interactive, amene ntchito yawo ndi kufalitsa magemu a timagulu tating'ono. Mwachitsanzo Broforce, yopangidwa ndi kagulu ka Free Lives ku Cape Town, inafalitsidwa ndi Devolver Digital mu 2015. Anthu ambiri amawerengerabe magemu otere ngati odziimira, chifukwa kagulu kopanga si ka kampani yofalitsayo ndipo maganizo a gemuyo ndi a opangawo. Apa ndiye kuti muyeso wasuntha: funso silikhalanso la mwini ndalama, koma la amene ali ndi ufulu wosankha mmene gemuyo ikhalire. Journey, ya mu 2012, imasonyeza bwino zimenezi. Kampani ya Sony ndi imene inapereka ndalama kwa opanga ake, a thatgamecompany, koma gemuyi imatchulidwa kawirikawiri m'gulu la magemu odziimira.

Kukula kwa gulu ndi umwini

Muyeso wa ndalama umalepheranso kumbali ina. Kampani ya Larian Studios ya ku Belgium inafalitsa yokha Baldur's Gate 3 mu 2023, koma inali ndi antchito mazana angapo m'maiko osiyanasiyana, ndipo ndi anthu ochepa amene amaitcha gemuyo indie. Chimodzimodzi kampani ya Valve, yomwe ilibe kampani ina pamwamba pake. Izi zikusonyeza kuti m'malankhulidwe a anthu dzinali limanenanso za kuchepa kwa gulu ndi kwa ndalama, ngakhale palibe chiwerengero chimene anthu anagwirizana kuti ndiye malire.

Umwini nawo umasintha. Markus Persson wa ku Sweden anayamba Minecraft yekha mu 2009, n'kumaigulitsa pa intaneti isanamalizidwe. Mu 2014 Microsoft inagula kampani yake ya Mojang pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Gemuyo ndi yomweyo, koma kuyambira pamenepo ili m'manja mwa imodzi mwa makampani olemera kwambiri padziko lonse.

Mmene anafalikira

Magemu opangidwa ndi anthu paokha analipo kuyambira pamene makompyuta a m'nyumba anafala m'zaka za m'ma 1980, koma kuwafikitsa m'masitolo kunkafuna kampani yofalitsa. Intaneti ndiyo inachotsa chopinga chimenechi. Mu 2008 magemu a Braid ndi World of Goo anagulidwa kwambiri kudzera pa intaneti, ndipo dzina lakuti indie linadziwika kwa anthu ambiri. Kuyambira mu 2017, aliyense angathe kuika gemu yake pa Steam, msika wa pa intaneti wa Valve, atalipira madola 100. Zotsatira zake n'zakuti pamsikapo pamatuluka magemu masauzande ambiri chaka chilichonse, ndipo vuto la wopanga wamng'ono tsopano ndi loti anthu aione gemu yake pakati pa unyinji umenewo.

Mkangano wa mu 2023

Kuvuta kwa kuonekeraku n'kumene kumachititsa kuti tanthauzo la dzinali lisakhale nkhani ya mawu chabe. Mphoto, zionetsero ndi thandizo la ndalama zimene zimasungidwira magemu odziimira ndi njira imodzi yoti kagulu kopanda ndalama zotsatsira malonda kadziwike.

Mu 2023 gemu ya Dave the Diver inaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya gemu yodziimira yabwino koposa pa mwambo wa The Game Awards. Maonekedwe ake ndi a timadontho ngati magemu akale, monga mmene magemu ambiri a timagulu tating'ono amaonekera. Koma opanga ake, a Mintrocket, ndi nthambi ya Nexon, kampani yaikulu ya magemu yomwe inayambira ku South Korea. Otsutsa anati gemuyo inasankhidwa chifukwa cha maonekedwe, ndipo inalanda malo a timagulu todziimiradi. Geoff Keighley, yemwe amayendetsa mwambowo, anayankha kuti dzinali limatanthauza zosiyana kwa anthu osiyanasiyana, ndipo oweruza ndi amene amasankha. Mphotoyo inapita kwa Sea of Stars, yopangidwa ndi Sabotage Studio ya ku Quebec, Canada, yomwe inapeza gawo la ndalama zake pa Kickstarter.